Sienta yanga ikudya theka la lita ya oyilo pa sabata: kodi injini yatha?

Bambo ena a kuno ku Salima anditumizira imelo imene ndaona kuti ndiyankhire pano, chifukwa funso lawo likuvutitsa anthu ambiri. Ali ndi Toyota Sienta ija yakale, ya injini ya malita 1.5, imene imanyamula anthu pakati pa Salima ndi Lilongwe, ndipo analemba dalaivala woiyendetsa. Sabata iliyonse dalaivalayo amapempha ndalama ya theka la lita ya oyilo, akuti watsika. Pamene galimoto imagona sipaoneka dontho, ndipo utsi kumbuyo sanauonepo. Makaniko wina wawauza kuti injini yatha, ikufunika ovaholo, kutanthauza kuimasula yonse n'kusintha zitsulo zakutha. Wina wati angothira oyilo wolemera wa 20W-50, vuto lithera pompo. Wachitatu wati galimoto iliyonse imatero, asadandaule. Amaliza imelo yawo chonchi: "Ndiye ndimvere uti? Kodi galimoto yabwinobwino imayenera kudya oyilo wochuluka bwanji?"

Bambo, zikomo pondilembera. Pakadali pano musamvere aliyense mwa atatuwo, osati chifukwa sadziwa ntchito, koma chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene wayeza. Kudya oyilo kwa injini sitiwerengera pa sabata, timawerengera pa mtunda umene galimoto yayenda. Kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kupita ndi kubwera 200. Ngati Sienta yanu imapita kamodzi pa tsiku kwa masiku 6, pa sabata yayenda makilomita 1,200, ndipo theka la lita pa mtunda umenewo ndi pafupifupi malita 0.4 pa makilomita 1,000 aliwonse. Koma ngati imabwereza kawiri pa tsiku, monga amachitira madalaivala anthu akachuluka pa siteji, ndiye kuti yayenda 2,400, ndipo theka la lita lomwelo likutanthauza malita 0.2 okha pa makilomita 1,000. Galimoto yoyambayo ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. Yachiwiriyo ndi injini yokalamba koma yathanzi, imene ine sindingaimasule ngakhale bawuti imodzi. Komatu madalaivala a magalimoto awiriwa, Loweruka madzulo, onse akauza abwana awo mawu amodzimodzi: theka la lita.

Makaniko wachitatu uja sananame kwenikweni. Palibe injini imene siidya oyilo. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika mu silinda imatsetsereka pa kaoyilo kopyapyala komata m'makoma a silindayo. Pisitoni iliyonse ili ndi maring'i atatu, timphete tachitsulo toizungulira. Awiri apamwamba amatseka mphamvu ya moto kuti isathawire pansi, ndipo yachitatu imapala oyilo m'makomamo n'kumubwezera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta m'pisitoni. Siipala yense, chifukwa ikanatero chitsulo chikanakhulana ndi chitsulo chinzake. Kotsalako kamapsa limodzi ndi petulo. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, moto umayaka m'kati mwake ka 5,000 pa mphindi iliyonse, ndiye ngakhale kopsako kachepe chotani, pofika ku Kanengo kakhala kataunjikana. Oyilo wina amatsikira m'mbali mwa mavavu, amene nawonso amafuna kudzozedwa. Wina amasanduka nthunzi chifukwa cha kutentha, n'kukokedwa kudzera pa kavavu kotchedwa PCV kupita kukapsa mu injini momwemo.

Mukamva munthu akunena kuti yake siitsika ngakhale pang'ono kuchoka pa sevisi kufika pa sevisi ina, nthawi zina n'zoona, injini yake ndi yolimba. Koma nthawi zina amakhala akunamizidwa ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi, kunyumba, kuntchito, kumsika, injini isanatenthe n'komwe yazimitsidwa kale, petulo pang'ono ndi chinyontho zimalowa mu oyilo n'kutenga malo a amene wapsa. Tsiku limene mwini wake wanyamuka ulendo wa ku Dwangwa kapena ku Mangochi, injini n'kutentha kwa maola angapo, petulo ndi madzi aja amauma, ndipo pofika amapeza oyilo watsika mwadzidzidzi. Amayamba kudandaula kuti ulendo umodzi wamuphera injini, pamene oyiloyo anali akupsa kuyambira kale. Yanu, poti imayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ilibe chinyengo chimenechi, choncho mukaiyeza idzanena zoona.

Nanga opanga magalimoto amati chiyani? M'mabuku ambiri a Toyota, aja amabwera ndi galimoto, analembamo kuti malire ake ndi lita imodzi pa makilomita 1,000. Volkswagen m'mabuku ake ambiri imaika malire pa theka la lita pa makilomita 1,000. Manambala amenewa amakonda kuwatchula anthu ogulitsa galimoto yotopa, ndipo ndikufuna muwamvetse bwino. Ndi malire a pamwamba penipeni, oikidwa poganizira injini yatsopano imene maring'i sanakhazikike, woyendetsa wothamangitsa, ndi galimoto yokoka katundu wolemera. Ndiponso m'maganizo mwanga, kampani imaika malire otakasuka choncho podziteteza kwa anthu ofuna kukonzeredwa mwaulere. Taonani masamu ake. Injini ya 1NZ-FE imene ili mu Sienta yanu imalowa oyilo malita pafupifupi 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Itamadya lita pa makilomita 1,000, ndiye kuti pa makilomita 5,000 a pakati pa masevisi mwathira malita 5, kuposa amene amalowa mu injinimo. Imeneyo ndi injini yodwala, ngakhale buku liikhululukire.

Toyota yomweyo inasonyeza kuti ikudziwa zimenezi. Injini ya 2AZ-FE ya malita 2.4, yopezeka mu Camry, RAV4, Estima, Alphard ndi Vanguard, inatchuka ndi kudya oyilo, makamaka pa magalimoto opangidwa cha m'ma 2006 mpaka 2011. Eni ake atadandaula kwambiri ku America, kampaniyo inavomera kusintha mapisitoni ndi maring'i pa galimoto imene yapezeka ikudya pafupifupi lita pa makilomita 1,900. Malire okonzera anali okhwima pafupifupi kawiri kuposa a m'buku aja. Nayonso 1ZZ-FE ya malita 1.8, ya mu Corolla, Premio, Allion ndi Wish, zoyambirira zake zinkadya oyilo chifukwa timabowo tobwezera oyilo m'pisitoni tinkatsekeka msanga, mpaka anasintha kapangidwe ka pisitoni m'zaka zotsatira. Ndatchula izi chifukwa cha owerenga ena amene ali ndi magalimoto amenewa. Ya inu bambo, 1NZ-FE, ilibe mbiri yoipa choncho. Ikayamba kudya, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala ukalamba kapena kasamalidwe.

Tsono muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito, womwe ndi wanga osati wa kampani, ndi uwu. Injini ya petulo yoyenda mtunda wambiri ikamadya lita imodzi kapena kucheperapo pa makilomita 5,000, ili bwino, muzingowonjezera. Ikamadya pakati pa malita 0.2 ndi 0.5 pa makilomita 1,000, yayamba kutopa kapena pali pena pamene pakuchucha, ndipo n'koyenera kufufuza, koma modekha. Ikadutsa theka la lita pa 1,000, pali vuto lenileni. Ikafika lita yathunthu, yambani kusunga ndalama. Koma chachikulu kuposa nambala ya lero ndi kumene nambalayo ikulowera. Injini imene yakhala ikudya malita 0.3 chaka chonse osasintha siindiopsa ngati imene mwezi wathawu inali pa 0.1 ndipo lero ili pa 0.3. Yachiwiriyi pali chimene changoonongeka kumene.

Kayezedwe kake n'kosavuta, koma muchite nokha ndi maso anu, osati kufunsa pa foni. Yambani tsiku la sevisi, oyilo ali watsopano, wochokera m'chigubu chimene mwatsegula nokha. Galimoto iime pamalo osapendekeka. Simenti ya pa filing'i siteshoni ndi yabwino kuposa bwalo la mchenga la kunyumba, pamene tayala lina limatitimira inu osadziwa. Injini ikhale yotentha, muizimitse, mudikire mphindi zoposa 5 kuti oyilo yense atsikire mu sampu. Sololani dipstick, pukutani, bwezerani mpaka pansi, sololaninso. Jambulani ndi foni pamene oyilo walekezera, mujambulenso nambala ya makilomita pa dashibodi. Galimoto ikayenda makilomita 1,000, bwererani pamalo omwewo, iyang'ane komwe inayang'ana poyamba, muyeze chimodzimodzi. Apa musaganizire ndi maso. Tengani botolo la lita lokhala ndi mizere m'mbali, thirani pang'onopang'ono, kudikira pang'ono n'kuyezanso, mpaka oyilo afike pomwe anali pachithunzi paja. Amene watsika m'botolomo ndiye amene injini yadya. Bwerezani kawiri kapena katatu motsatizana. Kwa galimoto yanu zonsezi zitha m'masabata awiri kapena atatu.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri pa siteji. Dalaivala wangoima kumene, galimoto ili chopendekera m'mbali mwa msewu, wazimitsa, nthawi yomweyo wasolola dipstick. Oyilo wambiri akadali m'mwamba mwa injini, ndiye akuoneka ngati watsika. Athira theka la lita. Tsopano oyilo wadutsa kadontho kapamwamba ka pa dipstick, crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) ikumumenya n'kumusandutsa thovu, wina akukankhidwira ku PCV n'kukapsa, wina akukakamira pa ma seal, timalabala totseka kuti oyilo asachuche. Sabata yamawa watsikadi, athiranso. Galimoto yopanda vuto lililonse ikhoza kuoneka yodya oyilo chifukwa chongoidyetsa mopitirira. Pa injini yanuyi, kuchoka pa kadontho kapansi ka dipstick kufika pa kapamwamba ndi malita pafupifupi 1.5, ndipo pena paliponse pakati pa timadontho tiwirito ndi pabwino. Sikuti oyilo akangochoka pa kapamwamba ndiye kuti pagwa ngozi.

Ndikuganiza kuti mumtima mwanu muli funso lina limene simunalilembe, lakuti kodi ndalamayo imaguladi oyilo. Musafulumire kumuganizira zoipa mnyamatayo. Dalaivala amene amatsegula boneti m'mawa uliwonse ndi wofunika kumusunga, chifukwa injini zambiri zimene zimanoka zimakhala za madalaivala amene satsegula n'komwe. Chitani chonchi: gulani nokha chigubu cha malita 5, chizikhala kunyumba kwanu, ndipo kuthira kuzichitika inu muli pomwepo. Mumuuze bwinobwino kuti mukufuna kudziwa thanzi la injini, ndipo muziyeza limodzi. Zikatero iye sakayikiridwa, inu mtima ukhala pansi, komanso mudziwa kuti mu injini mukulowa oyilo wa mtundu umodzi.

Tinene kuti mwayeza ndipo nambala yakwera. Oyilo ali ndi njira zitatu zothawira: kuchucha panja, kupsa m'kati, kapena kusakanikirana ndi madzi a mu rediyeta. Yambani ndi kuchucha, chifukwa ndiko kotsika mtengo kukonza ndipo ndiko kumabisala kwambiri. Mwati pansi sipaoneka dontho, koma umenewo si umboni wokwanira. Pa mchenga wathu uno dontho limamira, mphepo n'kukwirira. Ma seal ena amachucha pokhapokha injini ikuzungulira, ndiye oyilo amathera mumsewu, mphepo ikumuulutsira kumbuyo pansi pa galimoto. Wina amagwera pa pulasitiki ya pansi pa injini n'kumwedwa ndi fumbi, wina amagwera pa ekizozi yotentha n'kupsa, inu mumangomva kafungo mukaima. Tsukitsani injini, galimoto igwire ntchito tsiku limodzi, kenako ikwezeni muyang'ane ndi tochi. Onani gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ndi m'mabowo a mapulagi, m'mbali mwa chivundikiro cha tcheni, kuseri kwa pule ya crankshaft, polumikizira injini ndi giyabokosi, pa fyuluta, pa washala ya bawuti ya sampu, ndi pa kaswitchi ka presha ya oyilo. Usiku yalani katoni pansi. Kuchucha kumene kumaoneka kwachabechabe, pa galimoto yokhala pamsewu maola ambiri tsiku lililonse, kukhoza kumaliza theka la lita lanulo kokha popanda thandizo la maring'i.

Ngati panja pali pouma, ndiye kuti oyilo akupsa, ndipo apa ndi pofunika kudekha, chifukwa kupsa kulipo kotsika mtengo ndi kokwera mtengo. Mwati utsi simuuona. Galimoto zamakono zili ndi catalytic converter mu ekizozi, imene imatentha utsi wa oyilo usanatuluke, ndiye injini ikhoza kudya ndithu kumbuyo kuli koyera. Komanso amene ali pa chiwongolero saona kumbuyo kwake. Muyenera kuima kumbuyo nokha, kapena kuitsatira pa galimoto ina.

Yambani m'mawa, galimoto itagona usiku wonse. Wina alize, inu muli kumbuyo. Kakatuluka kautsi kabuluu kwa masekondi ochepa kenako n'kusiya, amenewo ndi ma valve seal. Ndi timalabala tovala pa mavavu, timene timauma ndi ukalamba ndi kutentha, ndiye usiku oyilo amatsetsereka n'kudonthera mu silinda. Msewu wanu womwewo ulinso ndi poyesera pabwino kwambiri. Lilongwe ili pamwamba, mamita opitirira 1,000, pamene ife kuno kunyanja tili cha m'ma 500, ndiye kuchokera cha ku Mvera galimoto imatsetsereka mtunda wautali ili m'giya, phazi litachoka pa faya. Nthawi imeneyo injini imayamwa mwamphamvu koma mpweya watsekeredwa, choncho imakoka oyilo paliponse pamene pali mpata. Dalaivala akapondanso faya pansi pa chitunda, yang'anani ekizozi. Utsi wabuluu ukafwamphuka kamodzi n'kutha, kawirikawiri ndi ma seal omwewo. Koma utsi ukamatuluka mosalekeza pokwera, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, ndipo ukuwonjezeka akamaponda, kaikirani maring'i.

Musasokoneze mitundu ya utsi. Wabuluu ndi oyilo. Wakuda ndi petulo wochuluka amene sakupsa bwino. Woyera wochindikala, wosatha ngakhale injini itatentha, ndi madzi.

Masulaninso mapulagi muwaike motsatana monga analili. Pulagi yonyowa ndi oyilo kumutu kwake, kapena yomera zinthu zolimba zotuwa, ikuuzani silinda imene ikudya. Ndipo musanachite china chilichonse chodula, onani kavavu ka PCV kaja. Ndi kachinthu kakang'ono ka pa chivundikiro cha pamwamba, kotsika mtengo, kochotsa pa mphindi zochepa. Kakatsekeka, mpweya umadzadza mu injini n'kukankha oyilo pa ma seal ndi magasiketi. Kakakanirira kotseguka, injini imayamwa nthunzi ya oyilo mosalekeza. Zimandiwawa kuona munthu akugulitsa mbuzi zake kuti alipire ovaholo pamene palibe amene wakhudza kavavu kameneka.

Makaniko amene wati injini yatha mumufunse kuti wayeza kompuresheni ya silinda iliyonse, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, ndipo akuonetseni manambala. Ngati silinda ina yatsika, athiremo kaoyilo pang'ono pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, maring'i atha. Ikapanda kusintha, vuto lili ku mavavu kapena ku gasiketi ya hedi, yotseka pakati pa mutu wa injini ndi masilinda. Koma dziwaninso kuti kompuresheni ikhoza kukhala yabwino injini ikudyabe oyilo, chifukwa maring'i awiri apamwamba akhoza kukhala olimba pamene yachitatu, yopala oyilo ija, yamatirira. Zimenezi zimachitika oyilo akamakhalitsa osasinthidwa: amapserera m'ngalande ya ring'iyo monga nkhoko zimamatira pansi pa poto wa nsima, timabowo tija n'kutsekeka, ring'i n'kulephera kutambasuka. Pa magalimoto obwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, amene sitidziwa kuti mwini wake woyamba ankawasamala motani ndipo nthawi zina nambala ya makilomita siinena zoona, matenda amenewa si achilendo.

Njira yachitatu, ya madzi, njosavuta kuizindikira. Injini itazizira, tsegulani rediyeta muone ngati pamwamba pa madzi payandama oyilo, ndipo onani ngati oyilo wa pa dipstick wayera mwamkaka. Zikakhala choncho galimoto isanyamule anthu mpaka itakonzedwa. Kwa anzanga a Hiace ndi Hilux za dizilo ndiwonjezere ziwiri: turbo yotopa imadya oyilo kwambiri, ndipo oyilo akamakwera yekha pa dipstick m'malo motsika musasangalale, ndiye kuti dizilo akulowa mu sampu.

Kuno kwathu injini imagwira ntchito yowawa kuposa imene anaipangira, ndipo zina mwa zowawazo timazichititsa tokha. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno kumapyapyalitsa oyilo, ndipo mukayeza nthawi imeneyo nambala ikhoza kukwerako pang'ono kuyerekeza ndi ya mu Juni. Sienta ndi galimoto ya anthu 7. Ikanyamula opitirira pamenepo, kumbuyo matumba a mpunga ndi madengu a usipa, n'kumakwera zitunda za ku Mvera ikulira m'giya yotsika, injini yaing'onoyo imatentha kwambiri ndipo oyilo amapita. Koma mdani wamkulu ndi fumbi. Galimoto ikamapatuka pa tala kulowa m'misewu ya m'midzi, fyuluta ya mpweya ndiyo yokha imene yaima pakati pa mchenga ndi masilinda anu. Fyuluta yong'ambika, yosakhala bwino m'bokosi mwake, kapena imene yapemereredwa ndi kompuresa kambirimbiri mpaka pepala lake laboka, imalowetsa fumbi limene limapala makoma a silinda ndi maring'i tsiku ndi tsiku. Paipi yochokera ku bokosilo ikang'aluka, n'chimodzimodzi. Injini yodya fumbi lero idzadya oyilo chaka chamawa, ndipo palibe oyilo amene angaichize.

Pali chizolowezi chinanso chochotsa thermostat, kavavu kowongolera kutentha kwa madzi a mu injini, poti kuno n'kotentha. Ine sindigwirizana nacho. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha m'mawa ndipo potsetsereka imazizira kwambiri, kompyuta yake imathira petulo wochuluka, petuloyo amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Ngati galimoto ikutentha mopitirira, vuto lili ku rediyeta, ku fani kapena ku pampu ya madzi, ndipo kukonza kwake n'komweko. Injini imene inawirapo kwambiri ngakhale kamodzi, ma seal ake amauma ndipo maring'i amafooka. Mufunse dalaivala wanu mwaubwenzi ngati zinachitikapo.

Za oyilo wa m'mabotolo a madzi wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, wopanda chidindo, ndingoti musathire. Simudziwa kuti ndi wamtundu wanji kapena anachokera mu injini ya yani.

Tsopano za 20W-50. Makaniko wachiwiriyo akunena chinthu chimene chimaoneka ngati chikugwira ntchito, chifukwa oyilo wolemera amavutika kudutsa m'mipata, ndiye kutsika kumachepadi. Pa injini zakale za mipata ikuluikulu, ndi pa injini yotheratu imene mukungofuna ikufikitseni pa tsiku la ovaholo, malangizowo ali ndi malo ake. Koma 1NZ-FE inapangidwira oyilo wopepuka monga 5W-30 ndi 10W-30. Ili ndi VVT-i, imene imasintha nthawi yotsegukira mavavu pogwiritsa ntchito presha ya oyilo wodutsa m'tinjira topapatiza ndi kasefa kakang'ono, ndipo ili ndi tcheni chofuna oyilo msanga mukangoliza. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba m'mawa, amawonjezera kudya petulo, ndipo ngati vuto ndi timabowo totsekeka, iye ndiye amavutika kwambiri kubwerera mu sampu. Ngati mwayeza ndipo mukufuna kuchepetsako, kwerani sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 5W-30 kupita pa 10W-40 wabwino, n'kuyezanso makilomita 1,000 muone kusiyana. Sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse osaphonya. Kuwonjezera sabata ndi sabata sikulowa m'malo mwa sevisi, chifukwa litsiro limatsalira momwemo. Mankhwala a m'tizitini aja olonjeza kuletsa utsi, ambiri amangolemeretsa oyilo. Ndipo musalole kuti wina atsuke m'kati mwa injini ndi dizilo kapena parafini: zonyansa zikamatuka nthawi imodzi zimakatseka sefa ya pampu ya oyilo, injini n'kunoka.

Ovaholo ikhale yomalizira. Ngati vuto ndi ma valve seal, amasinthidwa popanda kutsitsa injini yonse. Ngati ndi maring'i koma nambala ili pansi pa theka la lita pa makilomita 1,000, mapulagi sakuda msanga ndipo galimoto ikukoka bwino, khalani pansi muwerengere. Pa malita 0.3 pa makilomita 1,000, galimoto yoyenda 5,000 pa mwezi ikudya lita ndi theka pa mwezi. Funsani mtengo wa oyilo ameneyo, mufunsenso mtengo wa ovaholo ndi masiku amene galimoto idzakhale pa galaja osabweretsa ndalama. Nthawi zambiri mupeza kuti kuthira oyilo kwa chaka kapena ziwiri n'kotchipa kwambiri, ndipo nthawi imeneyo mukusunga ndalama pang'onopang'ono. Tsiku lomasula likadzafika, musadzalole ntchito yongosintha maring'i basi. Masilinda ayezedwe, apalidwe bwino, ngalande ndi timabowo ta mapisitoni titsukidwe, ndipo zipangizo zikhale zenizeni. Ovaholo yachidule, ya maring'i otchipa m'masilinda osayezedwa, ikhoza kubwera ikudya oyilo kuposa mmene inapitira. Mukasankha kugula injini ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ichotseni chivundikiro cha pamwamba muone ukhondo wa m'kati musanapereke ndalama.

Chimene chimapha injini yodya oyilo si kudyako, koma kuiwalika tsiku limodzi. Nyali yofiira ija ya pa dashibodi, yokhala ndi chithunzi cha kabotolo ka oyilo, siinena za kuchuluka kwa oyilo, imanena za presha. Ikamayaka ndiye kuti pampu yayamba kale kuyamwa mpweya ndipo mabering'i akuuma. Mumuuze dalaivala wanu momveka bwino kuti nyaliyo ikayaka, kapena kungophethira pokhota, aime pompo n'kuzimitsa, kaya ndi pa Chezi kaya patsala pang'ono kufika pa Kaphatenga, kaya okwera akalipe motani. Mumutsimikizirenso kuti simudzamudula malipiro chifukwa cha ulendo wotayikawo, apo ayi adzayesa kukakamiza kuti afike. M'galimotomo muzikhala botolo la lita losatsegula la tsiku ngati limenelo.

Mukamaliza kuyeza maulendo awiri a makilomita 1,000, mundilemberenso. Mundiuze kuchuluka kwa oyilo amene munathira ulendo uliwonse, mtundu wa oyiloyo, nambala ya pa dashibodi, zimene munapeza pansi mutatsukitsa injini, ndi zimene munaona ku ekizozi m'mawa komanso potsika ku Mvera. Chithunzi cha mapulagi anayi ali motsatana chidzathandizanso kwambiri.